Buku Loyamba la Ana Liyambire Kuno Kunyanja

Inu a kuno ku Meluluca, a ku Metangula, a ku Messumba mpaka ku Cobué, ndi inu amene mwatsegula wailesi muli pagombe mukusoka ukonde, ino ndi nthawi yathu ya maphunziro. Lero ndikufuna kulankhula ndi munthu amene ali ndi kope m'chikwama, analembamo nthano ya ana, ndipo akudzifunsa kuti ayambire pati kuti nthanoyo isanduke buku. Mwina ndi mphunzitsi wa kalasi yoyamba, mwina ndi mtsikana amene wangomaliza sekondale, mwinanso ndi agogo odziwa nthano amene mdzukulu wawo amawagwirira cholembera. Mfundo yanga ndi imodzi. Buku lanu loyamba mulilembe m'Chinyanja chimene ana a pano amalankhula, likhale laling'ono, muliyese pa ana enieni, ndipo musindikize ochepa kuno komwe m'malo modikira kuti kampani ya ku Maputo idzakuitaneni. Alipo ambiri amene sagwirizana nazo, ndipo zifukwa zawo si zopanda pake, choncho ndiziyankha pamene tikupita.

Tiyambe ndi mwana amene bukulo likumulunjika. Kalembera wa 2017 anasonyeza kuti mwa anthu 100 aliwonse m'Mozambique, pafupifupi 17 okha ndiwo anayamwira Chipwitikizi, ndipo ochuluka a iwo ali m'mizinda. Oyamwira Chinyanja ndi pafupifupi 8 mwa 100 aliwonse, kuno ku Niassa, ku Tete ndi mbali zina za Zambézia. Mwana wa ku Meluluca akamayamba sukulu amakhala atadziwa kale mawu ambirimbiri. Amadziwa mwera ndi mpoto, amasiyanitsa utaka ndi usipa, amatha kufotokoza mmene amayi ake amaviikira chinangwa kuti apeze ufa wa kondowole. Mukamupatsa buku loyamba la m'Chipwitikizi mwamusenzetsa akatundu awiri nthawi imodzi: alimbane ndi zilembo, alimbanenso ndi tanthauzo la mawu amene sanawamvepo pakhomo. Amatha kutchula mzere wonse mokweza, aphunzitsi n'kumuombera m'manja, koma mukamufunsa kuti nkhaniyo ikuti chiyani amangoyang'ana pansi. Mwana yemweyo akalumikiza u, si ndi pa, n'kumva pakamwa pake patuluka dzina la ndiwo imene wadya dzulo, nkhope imasintha. Watulukira kuti zilembo zija zimanyamula zinthu zimene amazidziwa, ndipo akatulukira zimenezi safunanso kukakamizidwa kuti atsegule tsamba lotsatira.

Zimenezi boma linaziona kale. Kuyambira 1993 mpaka 1997, bungwe loona za maphunziro la INDE linayesa kuphunzitsa ana m'zinenero ziwiri kudzera m'ntchito yotchedwa PEBIMO, ndipo zinenero zimene anasankha zinali Chichangana ku Gaza ndi Chinyanja chathu chomwechi ku Tete. Ofufuza anapeza kuti ana a m'makalasi amenewo ankayankha momasuka ndi kutenga nawo mbali m'phunziro. Mu 2003 maphunziro a zinenero ziwiri anayamba kulowa m'masukulu ena a boma, ndipo gawo 9 la malamulo oyendetsera dziko a 2004 limanena kuti boma limalemekeza zinenero zathu ngati chuma cha chikhalidwe ndi maphunziro. Kuno ku Niassa ndi ku Cabo Delgado bungwe la Progresso lakhala likuthandiza kukonza mabuku m'zinenero za kuno. Koma buku la m'kalasi ntchito yake ndi kuphunzitsa zilembo. Kuti mwana azolowere kuwerenga mpaka liwiro libwere, amafunika timabuku ta nkhani tambiri toti aziwerenga yekha pakhonde, kubwereza kakhumi, kuwerengeranso mng'ono wake. Funsani mphunzitsi aliyense wa m'mbali mwa nyanja muno kuti timabuku totere ta m'Chinyanja ali nato tingati m'kabati. Mpata umenewu ndi umene ukudikira wolemba watsopano.

Chotsutsa choyamba chimachokera kwa makolo, ndipo ndimachilemekeza. Iwo amati mayeso ndi a m'Chipwitikizi, ntchito za ku Lichinga n'za m'Chipwitikizi, kuchipatala ndi kukhoti mapepala ali m'Chipwitikizi. Nanga kumuchedwetsera chiyani mwana ndi chinenero chimene akuchidziwa kale? Kholo lotere likufunira mwana wake zabwino. Koma taonani kuti luso la kuwerenga munthu amaliphunzira kamodzi kokha pamoyo wake. Kudziwa kuti chilembo chimaimira liwu, kuti maso amayenda kuchokera kumanzere kupita kumanja, kuti mpumiro umauza munthu popumira, kuti chimene chachitika patsamba lino chikugwirizana ndi cha patsamba lapitalo, zonsezi mwana akazigwira m'Chinyanja amalowa nazo m'Chipwitikizi osayambiranso. Zilembo zambiri ndi zomwezo. Chimene chimatsala ndi kuphunzira mawu atsopano, ndipo mwana wodziwa kale kuwerenga amawatola msanga chifukwa amatha kuwapeza yekha m'buku. Kotero kabuku ka Chinyanja sikalanda malo a Chipwitikizi, kamachikonzera njira. Ngati mtima ukukanabe, ikani Chinyanja pamwamba ndi zilembo zazikulu, Chipwitikizi pansi ndi zazing'ono. Chokhacho ndikupemphani, yambani kulemba m'Chinyanja, kumasulira kubwere pambuyo. Nkhani yoyambira m'Chipwitikizi n'kuitembenuzira kwathu imamveka ngakhale kwa mwana kuti yabwera ndi mlendo.

Ena amaganiza kuti kulemba mabuku ndi ntchito ya anthu a m'mizinda, ngati kuti gombe lino silinaonepo inki. Mbiri ikukana. Amishoni a UMCA atakhazikika pa Likoma mu 1885, chilumba chimene chimaonekera bwino munthu ali ku Cobué, anaikapo makina osindikizira, ndipo timabuku ta sukulu ndi ta tchalitchi tinkayenda pa sitima kufika m'midzi ya tsidya lino. Mmodzi wa amishoniwo, William Percival Johnson, amene maso ake anali ataonongeka kwambiri, anamasulira Baibulo m'Chinyanja cha kunyanja kuno mothandizana ndi eni chinenero, ndipo linatuluka mu 1912, zaka 10 Buku Lopatulika la 1922 lisanatuluke. Yohana Barnaba Abdallah, wansembe amene ankatumikira ku Unangu m'chigawo chathu chomwechino, analemba mbiri ya anthu ake m'Chiyao, ndipo buku lake la Chiikala cha Wayao linasindikizidwa mu 1919. Akatswiri a mbiri akuligwiritsabe ntchito mpaka lero. Kutsidya ku Malawi, mphunzitsi Samuel Josiah Nthara analemba Nthondo m'Chinyanja, n'kupambana nalo mphotho mu 1933, ndipo chaka chotsatira linatuluka m'Chingerezi. Onsewa analemba m'chinenero cha anthu amene ankakhala nawo, ndipo awiri omalizawa analemba za anthu a kwawo. Akunja anabwera okha kudzamasulira ataona kuti muli kanthu.

Apa wina anganene kuti, popeza ku Malawi mabuku a Chichewa alipo kale, bwanji osangowoloka nawo pa boti? Abwere ndithu, ndipo amene angapeze Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe kapena mabuku a E. J. Chadza asawasiye. Chinenero ndi chimodzi, malire a dziko sanachidule pakati. Komabe ambiri mwa mabuku otchuka amenewo ndi a owerenga okhwima, osati a mwana wa zaka 6 kapena 7 amene akutsata mzere ndi chala. Chichewa cha m'mabuku chinakulira kumtunda, m'chigawo chapakati cha Malawi, kwa alimi a chimanga ndi fodya, ndipo mwana wa pagombe samapezamo kawirikawiri chilimira, nkhafi, thandala kapena mtambo wa nkhungu ukufuka pakati pa nyanja. Palinso nkhani ya kalembedwe imene wolemba sayenera kuinyalanyaza. Misonkhano yokonza kalembedwe ka zinenero za m'Mozambique inachitika mu 1988, 1999 ndi 2008, ndipo pa zina kalembedweka kamasiyana ndi malamulo a ku Malawi: mwachitsanzo, pamene kutsidya amalemba c ndi h pamodzi, mabuku a sukulu a kuno amalemba c yekha. Wamkulu sapunthwa nazo, koma mwana woyamba kumene amasokonezeka. Bwerekani buku la kalasi yoyamba kwa aphunzitsi a zinenero ziwiri, mutsate kalembedwe kake kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza.

Tsopano tifike pa ntchito yeniyeni, pamene olemba atsopano ambiri amagwera. Amafuna kuikamo zonse zimene akudziwa, ndipo amafunitsitsa kulangiza. Nkhani imayamba bwino, koma pofika tsamba lachitatu yasanduka ulaliki wa kumvera makolo ndi kusamba m'manja. Ana amakana buku lotere mwakachetechete. Kabuku ka mwana woyamba kuwerenga kamafuna munthu mmodzi, vuto limodzi, ndi chiganizo chimodzi kapena ziwiri patsamba. Tiyerekeze kamtsikana kamene amayi ake akasiyira kulondera usipa pathandala iwo atapita kumunda. Khwangwala wabwera, kamuthamangitsa. Mbuzi yabwera, kaithamangitsa. Kenaka kumwamba kwada, mvula ikubwera, ndipo dengu ndi lalikulu kuposa msinkhu wake. Atani? Funso limenelo ndi limene limatembenuza tsamba. Kubwereza mawu omwewo pa khwangwala ndi pa mbuzi si ulesi, kumathandiza mwana kuzindikira mawu amene wawaona kale, monga mmene nthano zathu zimakhalira ndi kanyimbo kobwerezabwereza kamene ana amavomera. Ngati pali phunziro, lituluke m'zimene kamtsikanako kachita, inu musaimirire kumapeto kulifotokoza. Ndipo ngati nthano mwaitenga kwa agogo, apempheni kaye, dzina lawo lilembedwe pachikuto pamodzi ndi lanu, chifukwa ndi yawo.

Mukamaliza kulemba musathamangire kwa akuluakulu kuti akuyamikireni. Achibale adzati ndi yabwino chifukwa amakukondani. Sonkhanitsani ana asanu kapena asanu ndi mmodzi pansi pa mtengo wa mango, ena odziwa kuwerenga, ena osadziwa, muwawerengere mokweza maso anu ali pa iwo. Pamene wina wayamba kujambula pansi ndi kamtengo, ikani chizindikiro pa chiganizocho, ndi pamenepo nkhani yafooka. Pamene aseka onse kapena kukuwa kuti mbuzi ija yabweranso, pamenepo musakhudzepo. Kenaka perekani pepala kwa mwana wa kalasi yachiwiri awerenge yekha, inu mukhale chete ngakhale akakamire. Mawu amene wakakamirapo kawiri ndi aatali kwambiri kapena achilendo, muwasinthe. Mawa lake funsani mmodzi wa iwo kuti afotokozere mnzake amene kunalibe. Zimene wakumbukira ndiwo mafupa a nkhani yanu, ndipo zambiri zimene waiwala mukhoza kuzichotsa osataya kanthu. Kampani yaikulu yosindikiza mabuku imalemba ntchito akonzi kuti achite zoterezi. Inu muli nawo akonzi oona mtima pakhomo panu, ndipo wolemba wa ku Maputo sangawapeze.

Zithunzi ndi theka la buku la ana, ndipo wojambula alipo pafupi: mnyamata amene amalemba mayina pa maboti, wophunzira amene makope ake amadzaza ndi zojambula. Ajambule ndi cholembera chakuda, mizere yooneka bwino, chifukwa zithunzi zamitundu zimadula kusindikiza ndipo pa fotokope zimasanduka mdima. Ana adzazipaka okha utoto. Muonetsetse kuti bwato ndi bwato la kuno, amayi avala chitenje monga amavalira a kuno, ndipo mugwirizane naye poyamba za malipiro ndi za dzina lake pachikuto. Kapangidwe ka kabuku n'kosavuta. Mapepala anayi a A4, osindikizidwa mbali zonse ziwiri ndi kupindidwa pakati, amapereka masamba 16; ndi chifukwa chake masamba a mabuku otere amawerengedwa anayianayi. Pindani kaye mapepala opanda kanthu, mulembe manambala a masamba, kenaka muwatambasule, mudzaona kuti tsamba 16 lili pambali pa tsamba 1 ndipo tsamba 2 lili pambali pa 15. Amene sachita zimenezi amabwerako kosindikizitsa ku Lichinga ndi nkhani yoyambira pakati. Chikuto chikhale cha pepala lolimba, msana mubaye ndi sitepula yaitali kapena musoke ndi ulusi wa ukonde, umene sugwira dzimbiri ndi chinyezi cha kunyanja. Yambani ndi mabuku 30 kapena 50.

Ndikumva wina akuti limenelo si buku lenileni, ndi kapepala chabe, ndipo wolemba weniweni ndi amene wavomerezedwa ndi kampani. Taganizirani za Beatrix Potter wa ku England. Nkhani yake ya kalulu wotchedwa Peter Rabbit inayamba mu 1893 ngati kalata yokhala ndi zithunzi yolembera mwana wodwala. Atafuna kuti ikhale buku, makampani angapo anaikana. Mu Disembala 1901 anasindikiza yekha mabuku 250, zithunzi za mkati zili zakuda ndi zoyera, ndipo mu 1902 kampani ya Frederick Warne inalitenga n'kulitulutsa ndi zithunzi zamitundu. Mpaka lero likugulitsidwa. Sindikunena kuti aliyense zidzamuyendera chomwecho. Ndikunena kuti kampani imakhulupirira chimene yaona chikuyenda. Kope lolembedwa pamanja lochokera kwa munthu wosadziwika, m'chinenero chimene mkonzi wa ku likulu mwina sachimva, likhoza kugona m'kabati zaka. Koma munthu wobwera ndi kabuku kakuda m'mphepete chifukwa chogwiridwa ndi ana, pamodzi ndi kalata ya mphunzitsi wamkulu yonena kuti akugwiritsa ntchito m'kalasi, amamvedwa mosiyana. Mmisiri sayamba ndi boti lalikulu la matabwa. Amayamba wasema bwato laling'ono, n'kuliyesa pamadzi osaya kuti aone pamene likudontha.

Chotsutsa cholemera kuposa zonse ndi cha ndalama, ndipo pano sindikunamizani. Anthu a kuno ndalama imabwera ndi nsomba n'kupita ndi mwera, ndipo kholo likasankha pakati pa sopo ndi buku, sopo amapambana. Wolemba mabuku a ana m'Chinyanja asayembekezere kumanga nyumba ya malata ndi buku loyamba. Ichi ndicho chifukwa chachikulu choyambira pang'ono. Musagulitse ukonde, musatenge katapila, ndipo mukakumana ndi munthu wokuuzani kuti mumupatse ndalama zambiri kuti akusindikizireni mabuku 1,000 ndi kukutchukitsani, mufunseni kuti adzagulitsa kwa yani ndipo motani. Kampani yeniyeni imaika ndalama zake pa buku n'kumapatsa wolemba gawo la zogulitsa. Wokulipiritsani ndi wosindikiza chabe, ndipo makatoni adzakhala pansi pa bedi lanu chiswe chikudya. Mabuku 50 ali ndi kopita kodziwika: sukulu za pafupi, Sande sukulu, madarasa, magulu a amayi ophunzira kuwerenga, ndi makolo pa nyengo imene usipa wagwidwa bwino. Mtengo ubweze zimene mwaononga ndi kapindu pang'ono koti musindikizire ena. Akatha, mwadziwa kuti msika ulipo. Akapanda kutha, mwataya zochepa ndipo mwaphunzira zambiri zothandiza pa buku lachiwiri.

Amene muli ndi foni yolowa pa intaneti, pali khomo lina. African Storybook, ntchito imene inayambitsidwa ndi bungwe la Saide ku South Africa, imasunga timabuku ta ana m'zinenero zambiri za mu Africa, ndipo munthu akhoza kupanga lake pomwepo, kugwiritsa ntchito zithunzi zimene zilipo kale, kapena kumasulira la wina. Book Dash, imene inayamba mu 2014 ku South Africa komweko, imasonkhanitsa wolemba, wojambula ndi wokonza masamba kuti amalize buku m'maola 12, ndipo mabuku ake ndi aulere. Kuwerenga timabuku ta kumeneko ndi sukulu yabwino yoonera kuchuluka kwa mawu oyenera patsamba. Koma mudziwe chimene mukuvomera. Mukaika nkhani yanu kumeneko mwalola kuti aliyense aikopere, aimasulire ndi kuisindikiza osakulipirani, malinga atchule dzina lanu. Ubwino wake ndi wakuti ikhoza kufika kwa mwana wa ku Angónia, ku Chipata kapena ku Nkhotakota inu muli pano. Ganizani mofatsa, ndipo ngati muli ndi nkhani ziwiri, palibe cholakwa kupereka imodzi ndi kusunga inayo.

Sitingaiwale kuti m'dera lino muli ana ambiri amene kunyumba amalankhula Chiyao, ndipo zonse zimene ndanena za mwana wa Chinyanja zikuwakhudza iwonso. Kabuku ka masamba 16 kali ndi mwayi uwu: zithunzi zikakhalapo, kusintha mawu ndi ntchito ya masiku ochepa. Pezani mnzanu woyamwira Chiyao ailembenso nkhaniyo m'kamwa mwake, aiyese pa ana monga munachitira inu, ndipo mwatulutsa mabuku awiri ndi mtengo wa wojambula mmodzi.

Tsiku likadzafika loti kampani kapena bungwe lasonyeza chidwi, ndipo alipo amene ayamba kuyang'ana ku zinenero zathu, monga Editora Trinta Zero Nove imene Sandra Tamele anayambitsa ku Maputo mu 2018, musasaine pepala tsiku lomwelo. Litengereni kunyumba, wina wodziwa bwino Chipwitikizi akuwerengereni mzere ndi mzere. Mudziwe ngati mukugulitsa nkhaniyo kotheratu kapena mukungoibwereketsa kwa zaka zowerengeka, gawo lanu pa buku lililonse logulitsidwa ndi lotani, wojambula apeza chiyani, ndani ali ndi mphamvu yolola kuti imasuliridwe, ndiponso ndani adzapemphe nambala ya ISBN imene ogulitsa mabuku ndi malaibulale amafuna. Pemphaninso kuti mgwirizanowo unene kuti palibe amene adzasinthe mawu a Chinyanja popanda kukuonetsani, ndipo kope lanu loyamba lija, lokhala ndi deti ndi zofufuta zanu, mulisunge pouma chifukwa ndi umboni wakuti nkhaniyo ndi yanu.